Otto Warburg, dokotala amene anayeza kupuma kwa maselo a m'thupi

Mayi wa ku Chiwanga akazula chinangwa chowawa sachiphika tsiku lomwelo. Amachisenda, n'kuchiviika m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, kenako amachiyanika kuti chiume asanachisinje kukhala ufa wa kondowole. Mwana akafunsa chifukwa chake, yankho limakhala lalifupi: chinangwa chosaviika chimaledzeretsa, ndipo chimatha kupha. Makolo a m'mbali mwa nyanja anazidziwa zimenezi kalekale. Chimene sichinkadziwika ndi malo enieni m'thupi amene poizoni wa m'chinangwa amakagwira. Amene anathandiza kwambiri kuonetsa malowo ndi Otto Warburg, dokotala wa ku Germany, yemwe ntchito yake yonse anaigwirira kutali ndi minda ya chinangwa. Lero, awerengi athu, tikupatsirani mbiri ya munthu ameneyu, zimene anapeza, pamene analakwitsa, komanso mmene ntchito yake imatikhudzira kuno ku boma la Lago.

Otto Heinrich Warburg anabadwa pa 8 Okutobala 1883 mumzinda wa Freiburg. Bambo ake, a Emil Warburg, anali mphunzitsi wa sayansi ya fizikisi pa yunivesite. Iwo anali ochokera ku banja lachiyuda koma analowa Chikhristu. Otto ali ndi zaka pafupifupi 12, banjali linasamukira ku Berlin, kumene kunyumba kwawo kunkabwera akatswiri otchuka monga Max Planck, Emil Fischer, ndipo pambuyo pake Albert Einstein. Mnyamatayu anakula akumva akuluakulu akutsutsana za miyeso ndi manambala. Anaphunzira sayansi ya mankhwala kwa Fischer n'kumaliza mu 1906, kenako anachita maphunziro a udokotala ku Heidelberg mpaka 1911. Komabe sanatsate njira yoona odwala m'chipatala tsiku ndi tsiku. Mtima wake unali pa funso limodzi, limene anakhala nalo mpaka imfa yake.

Funsolo linali lakuti, kodi chakudya chimasanduka bwanji mphamvu? Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa, kungoti maselo ndi amoyo ndipo saoneka ndi maso. Tikapuma, mpweya wa okosijeni suthera m'mapapo. Magazi amaunyamula kupita nawo ku selo lililonse, ndipo kumeneko umakumana ndi shuga ndi mafuta ochokera mu nsima ndi ndiwo zimene tadya. Chakudyacho chimapsa pang'onopang'ono, popanda lawi, n'kutulutsa mphamvu yolimira, yopalasira bwato ndi yoganizira. Koma shuga amene ali pa mbale sapsa yekha ngakhale atakhala pa mpweya chaka chonse. Ndiye kuti m'selo muli chinachake chimene chimakoleza moto umenewu. Warburg anafuna kuchipeza, ndipo ankakhulupirira kuti njira yake ndi kuyeza basi, osati kungoganizira.

Anayambira ku Naples, m'dziko la Italy, pa malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja yamchere. Mu 1908 anayeza mpweya umene timazira ta kanyama kena kaminga ka m'nyanjamo timagwiritsa ntchito. Anapeza kuti dzira likangolandira mbewu yaimuna, kapumidwe kake kamakwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Anaona kuti kukula kumafuna mphamvu, ndipo mphamvuyo munthu atha kuiwerenga poyeza mpweya. Mu 1913 anapera chiwindi cha mbira, n'kupeza kuti kupumako kunali kukuchitika pa timibulu ting'onoting'ono ta m'kati mwa maselo. Timibulu timeneti ndi timene lero timatchedwa mitochondria. Selo limodzi la chiwindi limakhala nato mazanamazana, ndipo ndimo muli mafuwa enieni a thupi.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, Warburg anasiya zofufuzazo n'kulowa usilikali m'gulu la okwera pa akavalo. Anavulala mu 1917, ndipo analandira mendulo ya Iron Cross. Mayi ake ankaopa kuti mwana wawo afera kunkhondo, choncho anapempha Einstein kuti amulankhule. Mu 1918 Einstein anamulembera kalata yomudandaulira kuti abwerere ku ntchito yake ya sayansi. Warburg anamvera. Anabwerera ku Dahlem, dera la mumzinda wa Berlin, kumene anali atapatsidwa kale malo pa Kaiser Wilhelm Institute. Mwambo wa usilikali sanausiye. Ankadzuka m'mamawa kukakwera kavalo asanayambe ntchito, ndipo mu labotale yake munalibe kuchedwa kapena kucheza.

Kumeneko anakonza chipangizo chimene chinadzadziwika ndi dzina lake. Ankadula kachidutswa ka chiwindi, impso kapena mnofu wa nyama, kopyapyala kwambiri kuti mpweya ulowe mbali zonse, n'kukaika m'kabotolo kagalasi kokhala ndi madzi amchere ndi shuga. Kabotoloko ankakatseka, n'kukalumikiza ku kapaipi kagalasi kopindika, momwe munali madzi autoto. Mabotolowo ankagwedezeka m'madzi ofunda mofanana ndi thupi. Maselo akamamwa okosijeni, mpweya m'botolo unkachepa, ndipo madzi autoto aja ankasuntha. Munthu ankangowerenga pa mizere kuti asuntha bwanji pa mphindi zingati. Maganizo a chipangizo chotere anayamba ndi akatswiri a ku England, John Haldane ndi Joseph Barcroft, koma Warburg ndiye anachikonza kuti chiziyeza kupuma kwa kachidutswa kochepa ka thupi. Kwa zaka zoposa 30 chinkapezeka m'malabotale ambiri padziko lonse.

Ndi chipangizochi, kuyambira mu 1923, iye anayeza maselo a zotupa za khansa za makoswe. Anapeza chodabwitsa. Selo labwino likakhala ndi mpweya wokwanira limapsereza shuga yense. Likasowa mpweya, monga mnofu wa munthu amene akuthamanga kwambiri, limangomuphwanya shugayo pakati n'kusiya asidi wotchedwa lactate, wofanana ndi amene amasasitsa chambiko. Njira yachiwiriyi ndi yowononga, chifukwa mphamvu imene imatuluka ndi yochepa kuposa kakhumi poyerekeza ndi yoyamba ija. Koma maselo a khansa ankamwa shuga wambiri n'kumatulutsa asidiyo ngakhale mpweya ulipo wokwanira. Mpaka lero khalidwe limeneli la khansa limatchulidwa ndi dzina la Warburg.

Pa nthawi yomweyo anali akusakabe chokoleza moto chija. Ofulula thobwa amadziwa kuti chimera chochepa chimasintha phala lambiri kukhala lotsekemera. M'thupi mulinso zinthu zogwira ntchito motero, zimene asayansi amazitcha ma enzyme. Warburg ankakhulupirira kuti enzyme yopumira ili ndi chitsulo, chimene azaumoyo amati ayironi. Atathira kadontho ka poizoni wa cyanide m'kabotolo, madzi autoto aja anaima, kusonyeza kuti maselo aleka kupuma. Cyanide amagwira chitsulo mwamphamvu. Mu 1926 anayesanso ndi carbon monoxide, mpweya woipa uja umene umatuluka m'makala oyaka m'nyumba yotseka. Nawonso unaimitsa kupuma, koma akawalitsira botololo kuwala, maselo ankayambanso. Iye ndi womuthandiza wake Erwin Negelein anasinthasintha mitundu ya kuwala, n'kumayeza kuti ndi mtundu uti umene ukudzutsa maselo mwachangu. Potero anazindikira kuti enzyme imeneyi ndi yapachibale ndi chinthu chofiira cha m'magazi, ngakhale kuti anali asanaigwire ndi manja. Ntchito imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1931. Lero enzyme ija imatchedwa cytochrome oxidase, dzina lochokera ku ntchito ya David Keilin wa ku Cambridge, amene ankafufuza zofananazo ndipo ankatsutsana ndi Warburg kawirikawiri.

Apa ndi pamene mbiriyi ikufika pakhomo pathu. Chinangwa chowawa chili ndi mankhwala achilengedwe amene amatulutsa cyanide muzu ukaphwanyika. Kuviika, kuvunditsa ndi kuyanika kumachotsa poizoniyo chinangwa chisanafike mumphika. Munthu akadya chosakonzedwa bwino, poizoni amakamatirira pa chitsulo cha enzyme ija m'kati mwa mitochondria. Mapapo amakoka mpweya, magazi amaunyamula, koma maselo amalephera kuugwiritsa ntchito. Ubongo ndi mtima, zimene zimafuna mphamvu nthawi zonse, ndizo zimayamba kuvutika. N'chifukwa chake munthu amamva chizungulire, mutu, kusanza ndi kufooka, ndipo poizoni akachuluka amakomoka kapena kumwalira.

Thupi lili ndi chodzitetezera. M'chiwindi muli enzyme ina imene imasandutsa cyanide kukhala chinthu chosaopsa kwambiri chotuluka ndi mkodzo, koma kuti itero imafuna salifa wochokera mu zakudya zomanga thupi monga nsomba, mazira ndi nyama. Chaka cha njala zonse ziwiri zimasokonekera pamodzi: anthu amafupikitsa masiku oviika chifukwa ana akulira, ndipo ndiwo zimasowa. Izi ndi zimene zinachitika m'chigawo cha Nampula pa chilala cha mu 1981, pamene anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, anauma miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko matendawa anawatcha mantakassa, ndipo madokotala amawatcha konzo, dzina lochokera ku Congo. Wodwala konzo miyendo yake sibwereranso mwakale. Pofufuza mudzi umene uli pachiopsezo, azaumoyo amayeza mkodzo kuti aone kuchuluka kwa poizoni amene anthu akudya.

Warburg atalandira mphoto ija sanapume. Bungwe la Rockefeller Foundation linali litamumangira malo akeake ofufuzira ku Dahlem, amene anatsegulidwa mu 1931. Iye sankakonda kulemba ntchito anthu a madigiri ambiri. Ankasankha amisiri odziwa zipangizo n'kuwaphunzitsa yekha. Ndi mmodzi mwa iwo, Walter Christian, anasefa malita ambirimbiri a magazi a akavalo kuti apeze kanthu kochepa kothandizira ma enzyme kuchotsa mphamvu mu shuga. Pofika mu 1935 anali atazindikira kuti mbali yogwira ntchito ya kanthuko ndi nicotinamide. Patapita zaka ziwiri, Conrad Elvehjem wa ku America anaonetsa kuti mankhwala a mtundu womwewo, amene lero timati niacin kapena vitamini B3, amachiza agalu odwala matenda ofanana ndi pellagra. Apa zinamveka kuti vitamini ameneyu ndi chida cha pamafuwa a selo, ndipo akasowa moto umafooka m'thupi lonse.

Ambiri mwa inu amene munakhalako ku Malawi pa nthawi ya nkhondo mungakumbukire matendawa. Khungu la m'khosi, m'manja ndi m'mapazi, kumene kumaomba dzuwa, limada n'kusweka ngati lapsa. Munthu amatsegula m'mimba, m'kamwa mumatuluka zilonda, ndipo akachedwa kuthandizidwa mutu umasokonezeka. Niacin wa m'chimanga ndi womangika, thupi silimutenga mosavuta, ndipo ufa woyera ndiye umakhala ndi wochepa kwambiri. Mu 1990, mtedza utaleka kufika m'chakudya chogawidwa, anthu pafupifupi 18,000 othawa nkhondo a ku Mozambique anadwala pellagra m'misasa ya kumwera kwa Malawi. Mliriwo unatha atabwezeretsa mtedza, kugawa mapiritsi a mavitamini ndi kuthira niacin mu ufa. Mtedza, nyemba ndi usipa pambali pa nsima ndiwo mankhwala ake oteteza.

Kanthu ka nicotinamide kaja kanamupatsanso Warburg njira yatsopano yoyezera. Anaona kuti kakamagwira ntchito kamasintha mmene kamamwera kuwala kwa mtundu wina kosaoneka ndi maso. Choncho m'malo modikira madzi autoto, munthu atha kudutsitsa kuwala m'kabotolo n'kuwerenga liwiro la enzyme pa mphindi zochepa. Makina ambiri a m'malabotale a zipatala zikuluzikulu, oyeza shuga m'magazi, lactate, kapena ngati chiwindi chavulala, amagwirabe ntchito potsatira nzeru imeneyi.

Zonsezi zinkachitika dziko lake likulowa mumdima. Adolf Hitler atatenga ulamuliro mu 1933, asayansi a magazi achiyuda anachotsedwa ntchito. Hans Krebs, amene anaphunzira kwa Warburg kuyambira 1926 mpaka 1930, anathawira ku England chaka chomwecho. Kumeneko, pogwiritsa ntchito chipangizo cha mphunzitsi wake ndi minofu ya pachifuwa cha nkhunda, anapeza mu 1937 ndondomeko imene chakudya chimadutsamo popsa, ndipo naye analandira mphoto ya Nobel mu 1953. Warburg anakana kuchoka. Mu 1941 anachotsedwa pa udindo, koma patangopita masabata ochepa anabwezeretsedwa, ndipo olemba mbiri ambiri amati akuluakulu a boma ankayembekezera kuti apeza mankhwala a khansa. Kukhala kwakeko kunamuchotsera ulemu pamaso pa anzake ena amene anataya abale ndi kwawo. Mu 1943 labotale inasamutsidwira ku Liebenberg pothawa mabomba, ndipo mu 1945 asilikali a Soviet Union anatenga zipangizo zake. Anayambiranso ku Dahlem mu 1950, ali ndi zaka zoposa 65.

Pa ukalamba wake chofooka chake chinaonekera poyera. Zimene anayeza pa khansa zinali zoona, koma tanthauzo limene anazipatsa linapitirira malire. Iye ankalimbikira kuti gwero la khansa yonse ndi kuwonongeka kwa kapumidwe ka selo. Ofufuza ena anaonetsa kuti maselo ambiri a khansa amapuma bwinobwino, ndipo pang'onopang'ono zinadziwika kuti khansa imayamba malangizo a chibadwa a m'selo akasokonezeka. Warburg sanafune kumva. Mu 1966, pa msonkhano wa olandira mphoto ya Nobel ku Lindau, anabwereza maganizo ake akale. Anakangananso zaka zambiri ndi Robert Emerson wa ku America pa kuchuluka kwa kuwala kumene zomera zimafuna popanga chakudya, ndipo pamenepo olondola anali Emerson. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Munthu amene anaphunzitsa dziko kukhulupirira miyeso anavutika kukhulupirira miyeso ya anzake. Ngakhale zili choncho, dyera la shuga la maselo a khansa limathandiza madokotala mpaka lero. Makina ojambulira otchedwa PET amaonetsa pamene pabisala chotupa poona malo amene akumwa shuga wambiri.

Warburg akadali moyo, njira imene anatsegula inafika pa bedi la wodwala. Ku Stockholm, m'dziko la Sweden, kunali mayi wina amene kuyambira ali mwana ankatuluka thukuta kosalekeza, ankamva kutentha, ankadya kwambiri koma osanenepa, ndipo ankafooka. Madokotala ankaganizira chithokomiro, koma vuto silinali pamenepo. Dokotala Rolf Luft ndi katswiri Lars Ernster anadula kachidutswa ka mnofu wake, n'kupatula mitochondria, n'kuyeza kapumidwe kake. Anapeza kuti timibulu take tinkatentha chakudya mosalekeza, mphamvu yambiri n'kumangotayika ngati kutentha, monga nkhuni zoyaka pamafuwa opanda mphika. Analengeza zimenezi mu 1962. Aka kanali koyamba kuti matenda a munthu apezeke poyeza mphamvu imene mitochondria amapanga.

Lero akudziwika matenda ambiri a mtundu umenewu, ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 5,000 alionse. Ena amachokera kwa makolo onse awiri, ena kwa mayi okha, chifukwa mwana amatengera mitochondria kwa mayi ake. Mwana atha kufooka minofu, kugwa khunyu, kuleka kumva kapena kuona, kapenanso kuiwala zimene anali ataphunzira kale monga kukhala ndi kuyenda. Si ufiti, ndipo palibe kholo limene lili ndi mlandu. Powapeza, madokotala amayeza lactate m'magazi, ndipo m'malabotale akuluakulu amayeza mpweya umene maselo a mnofu, khungu kapena magazi akumwa, komanso amawerenga malangizo a chibadwa.

Kuno kwathu nzeru imeneyi inagwirapo ntchito pa nkhani ya ma ARV. Mankhwala akale otchedwa stavudine, amene ankaperekedwa kwambiri ku Mozambique ndi ku Malawi m'zaka za m'ma 2000, anapulumutsa miyoyo yambiri, koma mwa anthu ena ankavulaza mitochondria. Mapazi ankachita dzanzi, masaya ankalowa, ndipo ochepa ankadwala kwambiri chifukwa cha kuchuluka kwa lactate m'magazi. Kumvetsa gwero la vutoli kunathandiza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lilangize mayiko, kuyambira mu 2009, kuti asiye mankhwalawo pang'onopang'ono. Amene akuperekedwa masiku ano ndi ena, choncho amene ali pa ma ARV apitirize kumwa monga mmene azaumoyo anawauzira.

Warburg sanakwatire. Ankakhala ku Dahlem ndi Jacob Heiss, amene anamusamalira ndi kumuyendetsera zinthu kwa zaka pafupifupi 50. Chifukwa choopa khansa ankasamala kwambiri zakudya, ndipo ankakonda zolimidwa m'munda mwake. Mu 1968 anagwa n'kuthyoka fupa la ntchafu, koma anapitirizabe kugwira ntchito. Anamwalira pa 1 Ogasiti 1970 ali ndi zaka 86, ndipo anaikidwa m'manda ku Dahlem komweko.

Chipangizo chake chagalasi tsopano chili m'nyumba zosungiramo zakale, koma zimene chinaonetsa zikugwirabe ntchito m'khitchini iliyonse ya ku Chiwanga, ku Messumba ndi ku Metangula. Chaka chimene mvula yavuta, masiku oviika chinangwa chowawa asafupikitsidwe, ngakhale njala itathina. Usipa wonse usapite kumsika, wina utsale wa ana ndi amayi oyamwitsa. Ndipo banja likamva chizungulire ndi kusanza litadya chinangwa, kapena mwana akayamba kukoka miyendo mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, n'kuwauza azaumoyo chimene munadya.